Cape Point kapena Hermanus: ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Cape Town

Ngati muli ku Cape Town, mwapeza galimoto komanso tsiku limodzi lopuma, pali maulendo awiri otsatira gombe amene amalimbirana tsikulo. Onse ali ndi apengwini (mbalame za m'nyanja zosauluka), mchenga ndi timatauni ta m'mbali mwa nyanja. Musawaphatikize, dzuwa lidzakuloŵerani muli pa chiwongolero. Chimene chikusankhireni kwenikweni ndi mwezi umene mukupita.

Kuyambira Juni mpaka Novembala, Hermanus ndiye patsogolo chifukwa cha anamgumi amene amabwera kudzaswana ku Walker Bay. Amachuluka mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo simufunika boti kapena tikiti: mumawaona mutaima pa kanjira ka pamwamba pa matanthwe, kotalika pafupifupi makilomita 12. Nyengoyi ikatha, makilomita 120 opita kumeneko amakhala ambiri, ndipo Cape Point, yomwe ili pa mtunda wa pafupifupi makilomita 70, imapambana mosavuta.

Wa ku Cape Point ndi waufupi koma wodya nthawi ndi ndalama. Nyamukani m'ma 7 koloko, mudzere M3 kukafika ku Muizenberg, kenako M4 kudutsa Kalk Bay mpaka Simon's Town. Loweruka ndi Lamlungu kamsewu ka M4 kamadzaza dzuwa likakwera, chifukwa kapanikizika pakati pa phiri ndi njanji, popanda pozembera. Mudzalipira katatu: pa Boulders kuona apengwini, pa chipata cha paki ya Cape of Good Hope (momwe muli Cape Point), ndi pa tolugeti ya Chapman's Peak. Amalawi, Azambia ndi ena a m'maiko a SADC musaiwale pasipoti, chifukwa SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko la South Africa, ili ndi mtengo wanu wotsikirapo kuposa wa alendo akutali. Popanda chiphaso mudzalipira ngati mwachokera ku London.

M'kati mwa paki muli nthiwatiwa, ntchefu, mbidzi zochepa ndi anyani. Anyaniwa anazolowera anthu, amatsegula chitseko cha galimoto chosakhoma ndi kulanda chikwama chimene akuganiza kuti muli chakudya. Khomani zitseko, kwezani magalasi, ndipo kuwadyetsa ndi mlandu.

Bwererani kudzera ku Noordhoek kuti mukwere Chapman's Peak, msewu wa makilomita 9 wokhota ka 114, umene unatsegulidwa mu 1922. Mukazungulira chonchi nyanja imakhala kumanzere kwanu tsiku lonse, ndiye kupatukira pa malo oimika galimoto sikuvuta. Msewuwu amautseka kukagwa mvula yamphamvu kapena mphepo ikakula, poopa miyala yogumuka kuphiri. Funsiranitu m'mawa. Ukatsekedwa, njira ndi Ou Kaapse Weg.

Wa ku Hermanus ambiri amauyamba molakwika. Amaloŵa R44 pa Gordon's Bay m'mawa, nyanja n'kukhala kumanja, moti kuti aime pamalo oonera ayenera kudula msewu pamakhotedwe. Chanzeru n'kupita pa N2, kukwera Sir Lowry's Pass, kutsika ndi R43, kenako kubwerera pa R44 masana kudzera ku Kleinmond, Betty's Bay ndi Rooi-Els. Mulibe tolugeti.

Pa apengwini, Stony Point ku Betty's Bay ndi yotsika mtengo, ndipo anthu sachuluka ngati ku Boulders kumene mabasi a alendo amakhuthulira. Pamiyala pamakhalanso mbira zikuwothera dzuwa. Koma chipata chimatsekedwa dzuwa likadalipo, choncho musachedwe ku Hermanus kupitirira 2 koloko. Boulders ili ndi chimene Stony Point ilibe, kagombe kobisika pakati pa miyala ikuluikulu kumene ana angasambire apengwini akudutsa pafupi. Osawagwira: amaluma, komanso kuyambira 2024 mtunduwu uli m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu.

Osambira adziwe kuti madzi a ku Muizenberg ndi ofundirapo kuposa a ku Camps Bay, omwe amazizira mpaka m'mafupa ngakhale mu Januwale. Yang'anani mbendera za olondera nsomba za shaki musanaloŵe. Pa R44, Kogel Bay ndi yokongola koma madzi ake amakokera munthu kunyanja. Kasambireni ku Grotto Beach ku Hermanus, pakati pa mbendera za opulumutsa anthu.

M'chilimwe cha kuno, kuyambira Novembala mpaka Malichi, kumawomba mwera wamphamvu umene amautcha Cape Doctor. Tsiku lotere Cape Point imakhala yoŵaŵa, mchenga umalasa m'maso, ndipo juzi imafunika ngakhale mu tauni muli thukuta.