Fani ya kudenga ya mawati 75 ndi ya mawati 30: iti ikuyenera nyumba ya mu Blantyre?

Munthu akalowa m'sitolo ya zipangizo zamagetsi ku Limbe kapena mu msewu wa Haile Selassie, mafani a kudenga amene amawapeza atapachikidwa amaoneka ngati ndi amodzimodzi: mapiko atatu, mutu wozungulira pakati, ndi kandodo kachitsulo kokolowekera kudenga. Wogulitsa akafunsidwa kuti akusiyana pati, kawirikawiri amatchula mtengo, mtundu wa penti ndi dziko limene faniyo yachokera. Komatu kusiyana kumene kumadzaonekera pa mita ya magetsi kuli mkati mwa mutuwo, pa mota, ndipo mitundu ya mota imene ili pamsika ndi iwiri. Yonse iwiri ndakhala nayo m'nyumba mwanga nyengo yotentha ndi yozizira yomwe, ndipo ndi imene ndikuunika pano.

Mtundu woyamba ndi umene tinauzolowera m'makalasi, m'matchalitchi ndi m'maofesi, wa mota yoyendera mwachindunji magetsi a AC, ndiwo amene amabwera m'mawaya a ESCOM, yokhala ndi kapasita mkati (kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira) ndi regulator yosinthira liwiro pakhoma. Fani yotere ya mainchesi 48 kapena 56, ndiye kuti mamilimita 1200 kapena 1400, imadya mawati pakati pa 70 ndi 80 ikakhala pa liwiro lomaliza. Mtundu wachiwiri ndi umene pabokosi pake amalemba kuti BLDC kapena DC. Umenewu umalumikizidwa ku magetsi omwewa a mavolti 230, koma mkati mwake muli kachipangizo kamene amisiri amangoti bodi, kamene kamasintha magetsiwo kukhala a DC, onga a m'batire, ndi kuwongolera liwiro. Fani imeneyi imadya mawati pafupifupi 28 mpaka 35 pa liwiro lomaliza, ndipo ikatsitsidwa kwambiri imatsika mpaka pansi pa mawati 10. Chifukwa chake n'chakuti mota ya BLDC ili ndi maginito okhazikika, pamene mota ya AC imagwiritsa ntchito gawo la magetsi popanga mphamvu ya maginito mbali zonse ziwiri za motayo, yozungulira ndi yosazungulira, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limangosanduka kutentha. Zimenezi munthu angathe kuzitsimikizira ndi dzanja: fani ya AC itayenda usiku wonse, n'kuizimitsa, mutu wake umakhala wotentha moti chikhatho sichikhalitsapo, pamene wa DC umangokhala wofunda pang'ono.

Popeza ambiri a ife timagula mayunitsi a ESCOM tisanagwiritse ntchito magetsi, masamu ake ndi osavuta. Yunitsi imodzi ndi mawati 1000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Fani ya mawati 75 ikamayenda maola 10 tsiku lililonse kwa masiku 30, imatha mayunitsi 22.5, pamene ya mawati 30 imatha mayunitsi 9. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 13.5 pamwezi pa fani imodzi, ndipo m'nyumba ya mafani atatu ndi mayunitsi oposa 40, amene banja lililonse lingawaone pa ndalama zogulira magetsi.

Pamenepa ndi pamene wogulitsa amasiyira nkhani, koma wogula wa mu Blantyre ayenera kuipitiriza. Mzinda uno uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo kutentha koti munthu sangagone popanda fani kumafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala, kenako n'kumapitirira mwa apo ndi apo m'nyengo ya mvula. Mu Juni ndi Julayi, Chiperoni ikawomba, fani imangokhala kudenga n'kumatola fumbi. Choncho mayunitsi 13.5 aja sapulumutsidwa miyezi yonse 12, monga momwe zingakhalire ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Mangochi. Ngakhale mumzinda momwemuno, wokhala ku Chileka kapena ku Lunzu, kumene kuli kotsika ndi kotentha, amayatsa fani masiku ambiri kuposa wa ku Bangwe kapena ku Limbe. Fani ya DC imagulitsidwa modula, kawirikawiri kuwirikiza kawiri mtengo wa ya AC kapena kuposapo, ndipo popeza zonsezi zimachokera kunja, mitengo yake imakwera kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Njira yolondola ndi kutenga ndalama imene mitengo iwiriyo ikusiyana, n'kuigawa ndi mtengo wa mayunitsi amene apulumutsidwe pamwezi, powerengera miyezi yotentha yokha. Ku chipinda chogona, kumene fani imayenda kuyambira madzulo mpaka kucha, ndalamayo imabwerera. Ku chipinda cha alendo, kumene fani imayatsidwa pokhapokha achibale akabwera kumudzi, ndalamayo ingatenge zaka zambiri isanabwerere, ndipo kugulira chipinda chotero fani ya DC ndi kungowononga ndalama.

Pali chinthu china chimene chimadya magetsi mwakachetechete m'nyumba zakale, ndicho regulator yaikulu ija yooneka ngati kabokosi kokhala ndi timipata, imene imatentha fani ikakhala pa liwiro lotsika. Regulator yotere imachepetsa liwiro posandutsa gawo la magetsi kukhala kutentha pakhoma pomwepo, motero munthu amene waika fani pa 1 poganiza kuti akusunga mayunitsi sakusunga kwenikweni. Kuichotsa n'kuikapo yaing'ono yogwiritsa ntchito makapasita ndi ntchito yotsika mtengo, ndipo kwa amene ali kale ndi fani ya AC yoyenda bwino, kusintha kumeneku kuyenera kukhala koyamba asanaganize zogula fani ina. Koma fani ya DC yoyendera rimoti siyenera kudutsa mu regulator iliyonse, ndipo mmisiri wa magetsi ayenera kuuzidwa momveka kuti ailumikize pa switchi yokha, chifukwa ena amangoilumikiza monga anazolowera.

Kumene fani ya DC imapambana mosapeneka ndi m'nyumba zokhala ndi sola kapena inveta, chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti agwire ntchito m'nyumba. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo nthawi imene madzi amachepa kumapeto kwa chilimwe ndi nthawi yomweyo imene kumatentha kwambiri. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mabanja ambiri a mumzinda uno anaphunzira kudalira mabatire. Batire la mavolti 12 ndi 100Ah limasunga mphamvu yokwana yunitsi 1.2, koma ngati ndi la mtundu wakale wa asidi, theka lokha ndi limene liyenera kugwiritsidwa ntchito kuti lisafe msanga. Theka limenelo lingayendetse fani ya mawati 75 kwa maola 8, koma ya mawati 30 kwa maola 20, tisanachotsepo zimene inveta imadya payokha, mababu ndi kutchaja mafoni. M'mawu ena, ndi fani ya AC batire limatha kusanache, pamene ndi ya DC limafika m'mawa likadali ndi mphamvu. Ndaonanso kuti pa inveta zotsika mtengo fani ya AC imalira mong'ung'udza usiku wonse, ndipo madzulo magetsi akafooka chifukwa aliyense akuphika, imayenda mwaulesi, pamene ya DC imasunga liwiro lake ndipo chimene chimamveka ndi mphepo yokha.

Komabe sindingaiyamikire mpaka kuiwala chilema chake, chimene chili pa bodi ija. Fani ya AC ndi yosavuta kumvetsa: ikayamba kuyenda pang'onopang'ono, kapena kufuna kuti munthu aikankhe ndi ndodo kuti iyambe, vuto limakhala la kapasita, ndipo kapasita yatsopano imapezeka pamsika wa Ndirande kapena wa Limbe pa mtengo wochepa. Ikamachita phokoso, amasintha mabering'i. Ngakhale mota itapsa, alipo amisiri amene amaikulunganso waya. Fani ya DC ilibe mwayi umenewu. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kapena mphenzi ikagunda mawaya nthawi ya mvula, bodi ndi imene imayamba kupsa, ndipo ikapsa fani yonse imaima ngakhale mota ndi mapiko zili bwinobwino. Mabodi amasiyana kampani ndi kampani, ndipo si masitolo onse ogulitsa mafaniwa amene amasunga mabodi ake. Rimoti nayonso ikatayika, kapena mwana akaimiza mu beseni la madzi, mafani ena amangoyenda pa liwiro limodzi limene anasiyidwapo. N'chifukwa chake ndikuona kuti mafunso atatu ndi ofunika kuposa dzina la pabokosi: kodi bodi ya fani imeneyi mumagulitsa payokha, kodi rimoti ina ingapezeke, nanga galanti yake ndi ya nthawi yaitali bwanji ndipo mulemba pa lisiti? Wogulitsa akayamba kuzungulira pa mafunso amenewa, ndi bwino kukaona kwina. Kunyumba nako, chizolowezi chozimitsa switchi ya fani magetsi akangozima, n'kudikira kamphindi akabwera, chimateteza bodi, ndipo amene angakwanitse aike chotetezera ku magetsi amphamvu pa bokosi lalikulu la magetsi, chimene chidzatetezanso firiji ndi wailesi ya kanema.

Kuchepa kwa mawati pakokha sikupangitsa fani kukhala yabwino, pakuti fani imene siikankha mphepo nayonso imadya magetsi ochepa. Pabokosi la fani yodalirika pamalembedwa kuchuluka kwa mphepo imene imatulutsa pa mphindi imodzi, ndi zilembo zakuti CMM, ndipo fani yabwino ya mamilimita 1200 imakhala pakati pa 210 ndi 230. Nambala imeneyi ikagawidwa ndi mawati, fani ya AC imapereka pafupifupi 3, pamene ya DC imafika 7 kapena kuposa, ndipo muyeso umenewu ndi umene umaonetsa fani yosunga magetsi moona. Ena mwa mafani amene timawaona kuno ndi a makampani a ku India monga Orient, Usha, Crompton ndi Havells, ndipo makampani amenewa amapanga mitundu yonse iwiri, choncho dzina lokha silinena kuti mkati muli mota yanji. Ku India, kuyambira mu 2023, mafani a kudenga amayenera kukhala ndi chizindikiro cha nyenyezi chosonyeza kadyedwe ka magetsi, ndipo bokosi likakhala ndi chizindikirochi limathandiza kuyerekeza. Bokosi limene silinalembedwe mawati kapena CMM, koma langodzaza mawu otamanda, ine ndimalisiya pa shelefu. Mafani okongoletsa aja a mapiko asanu ooneka ngati matabwa, okhala ndi magetsi owala pansi pake, amakometsa pabalaza, koma ambiri amene ndakhalapo pansi pake amakankha mphepo yochepa poyerekeza ndi fani wamba ya mapiko atatu achitsulo.

Kukula kwa fani kumayendera chipinda. Ya mainchesi 48 imakwanira chipinda chogona cha mamita 3 kapena 3.5 mbali zonse, ya mainchesi 56 imayenera pabalaza, ndipo pabalaza lalitali mafani awiri apakati amagawa mphepo bwino kuposa imodzi yaikulu. Mapiko ayenera kukhala mamita osachepera 2.3 kuchokera pansi, ndipo asagundane kwambiri ndi siling'i, chifukwa fani imafunika mpata pamwamba pake kuti ikoke mpweya. Siling'i payokha singanyamule fani. Mbedza iyenera kumangidwa pa mtanda wolimba wa denga, ndipo kawaya kachitetezo kamene kamabwera m'bokosi la mafani ena kamangidwe ndithu, osati kusiyidwa m'katoni. M'nyumba za malata zopanda siling'i, zimene ndi zambiri ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, fani yopachikidwa pafupi ndi malata masana a Okutobala imangotsitsira anthu mpweya wotentha wa kudenga, ndipo kandodo kataliko kamathandiza pang'ono. Amene amagona mu neti, monga tonse tiyenera kuchitira, adziwe kuti neti imatchinga mphepo yambiri, moti fani imafunika kuikidwa pa liwiro lokwera kuposa pabalaza, ndipo apa ndi pamene mawati 30 amasiyaniranso ndi mawati 75. Fumbi la m'chilimwe likaunjikana pa mapiko, fani imagwedera ndipo mphepo imachepa, choncho kupukuta mapiko ndi nsalu yonyowa, popanda kuwapinda, ndi gawo la kusamala fani ya mtundu uliwonse.

Kwanga ndinasankha motere: ya DC ku zipinda zogona, zimenenso zili pa inveta, ndipo ya AC yokhala ndi regulator yatsopano pabalaza, kumene imayenda maola ochepa madzulo ndipo ikadzavuta mmisiri wa pafupi adzaikonza tsiku lomwelo. Mtundu uliwonse umene munthu wasankha, fani imaziziritsa thupi poumitsa thukuta, siitsitsa kutentha kwa chipinda, kotero kuisiya ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu ndi kutaya mayunitsi chabe. Kwa amene ali m'nyumba ya lendi nkhani ndi ina, chifukwa kuboola siling'i ndi kukoka waya kumafunika chilolezo cha eninyumba, ndipo tsiku losamuka pamabuka mkangano wakuti faniyo ndi ya ndani. Munthu wotere amachita bwino kugula fani yoimika pansi, imene kawirikawiri imadya mawati pakati pa 45 ndi 60, imathekanso kuilozetsa m'mbali mwa neti, ndipo posamuka imakwera m'galimoto limodzi ndi katundu wina.