Mtima ukamathamanga: kwa dokotala kapena pa benchi ya agogo?

Mtima kugunda ngati ng'oma, thukuta m'manja, kubanika, m'mimba kuwinduka uli mu kombi (minibasi) yopita ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe: nthawi zambiri imeneyi ndi nkhawa. Thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tofulumizitsa mtima, ngati likuthawa chilombo, pomwe chilombocho ndi lendi kapena fizi ya ana.

Dokotala amayeza BP ndi magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro zimathamangitsanso mtima. Ngati chifuwa chikupweteka mpaka kumkono, kapena mwakomoka, musachedwe, pitani kuchipatala.

Koma akakuuzani kuti zonse zili bwino, mumabwerera kunyumba ndi maganizo omwe aja. Apa mpamene benchi imapambana. Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, ili ndi agogo ophunzitsidwa kuthandiza ovutika maganizo, amene amakhala pa benchi panja pa makiliniki, ndipo salipiritsa. Anzathu Achishona amati vutoli ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira. Agogowo sapereka mapiritsi. Amamvetsera, mumasankha vuto limodzi, n'kupangana chochita musanakumanenso.

Ine ndimati yambani mwayezetsa, kenaka benchi. Chishona chikamavuta pofotokoza zamumtima, auzeni agogowo poyamba pomwe.