Sitima zankhondo 4 kapena 8? Mkangano wa ku Britain mu 1909

Mu 1909 nduna ndi aphungu a ku Britain anakangana kwambiri za sitima zankhondo zamtundu wa Dreadnought, zomwe zinali zikuluzikulu komanso zamizinga yamphamvu.

Lloyd George, nduna ya zachuma, ndi Winston Churchill, nduna ya zamalonda, ankati kupanga 4 kukwanira. Boma linali litangoyamba kupereka penshoni kwa okalamba, pomwe sitima imodzi inkadya pafupifupi mapaundi 2 miliyoni.

Reginald McKenna, nduna yoyang'anira asilikali apamadzi, ankafuna 6, ndipo a chipani chotsutsa boma cha Conservative ankachita kukuwa kuti 8. Ankaopa Germany, yomwe inkapanga sitima mwachangu. Mantha awowa ine ndimawamvetsa: dziko la pachilumba lodalira chakudya chakunja likatsekeredwa panyanja, njala sichedwa kulowa m'nyumba.

Nduna yaikulu Asquith analola 4, n'kulonjeza zina 4 zikadzafunika. Pofika Julaye, zonse 8 zinali zitavomerezedwa.