Silika, calcium chloride, laimu ndi makala: chiti chimayamwadi chinyezi?

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ikasiya kumabwera mawawa ndi nkhungu. Nsapato zimachita chuku mu wadilopu, masatifiketi amatuluka mawanga. Ambiri amathamangira mchere kapena mpunga, koma ziwirizi n'zofooka. Mchere umayamba kuyamwa chinyezi chamumpweya chikapitirira 75 peresenti, pamenepo n'kuti chuku chitayamba kale. Mpunga ungokuitanirani anankafumbwe.

Silika ndi timikanda tija timabwera m'timapaketi m'mabokosi a nsapato. Amayamwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, koma iye amakhalabe wouma, ndiye sawononga mapepala, kamera kapena mbewu. Vuto lake amakhuta msanga. Mukamusiya poyera m'chipinda mwangotaya ndalama. Amafuna botolo kapena chigubu chotseka bwino. Poumitsa mbewu ya tomato kapena nyemba, ikani silika wolemera mofanana ndi mbewuyo, mutseke kwa masiku 7, kenako mumuchotse. Wa mtundu wabuluu akakhuta amasanduka pinki, wa olenji amabiriwira. Musamutaye. Muyanikeni pathireyi mu uvuni pa madigiri 120 a Celsius kwa maola awiri, abwerera mwakale. Moto ukachuluka timikandato timasweka.

Calcium chloride, mankhwala oyera ooneka ngati mchere, ndiye dolo pa wadilopu ndi chipinda chonyowa ngati za kumadambo a ku Chibavi, chifukwa amayamwa madzi oposa kulemera kwake. Kungoti akamayamwa amasungunuka n'kukhala madzi amchere amene amadya zitsulo ndi kuumitsa chikopa. Dulani botolo lapulasitiki pakati, mutembenuzire chakukamwa pansi m'kati mwa chibenthu chinacho, mutchinge ndi kansalu, mankhwalawo akhale pamwamba, madzi azidonthera pansi. Liikeni pamene silingagwe komanso ana sangafikepo.

Pa laimu ambiri amasokonezeka. Woyamwa chinyezi ndi wongowotchedwa kumene, wosathiridwa madzi. Wopaka pakhoma uja anamwa kale, ndipo wothira m'munda ndi mwala wongopera. Wowotchedwayo amatentha ndi kufufuma akakumana ndi madzi, amawotcha khungu ndi maso, choncho m'nyumba mwa ana ayi.

Makala amathandiza pa fungo, pa chinyezi amangoyesako. Ngati ndi okhawo muli nawo, muziwayanika padzuwa sabata iliyonse, ndipo wadilopu muisunthe italikirane ndi khoma masentimita 10 kuti mphepo izidutsa kumbuyo.