Ku Nayuchi ndi ana: pagalimoto kapena pasitima?

Tauni ya Zomba ilibe njanji, choncho wofuna sitima amayamba wakwera minibasi kupita ku Liwonde. Funso limabwera pamenepo: kupitiriza pamsewu kudzera ku Nsanama, kapena kudikira sitima?

Galimoto imapezeka tsiku lililonse. Ngati mukuthamangira maliro kapena wodwala, kwerani imeneyo.

Sitima ya anthu siyenda tsiku ndi tsiku, imafuna kufunsiratu, ndipo imaima pafupipafupi. Komatu kuimako ndiko ambiri a ife tikukumbukabe. Njanji ya Liwonde mpaka Nayuchi idatsegulidwa mu 1970, ndipo tidaikwera tili ana m'masiku a Malawi Railways, isanaperekedwe kwa kampani ya Central East African Railways (CEAR) mu 1999. Amayi ankatenga mbatata yophika m'kambale, ife tikulimbirana zenera, azimayi a pasiteshoni akukweza m'mwamba malichero a nthochi ndi matemba. Kenako mapiri ankatha, n'kuyamba chigwa chapakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta.

M'minibasi mwana amakhala wopanikizidwa pamiyendo, akungoona misana ya akuluakulu. M'sitima amaimirira, kuloza ndi kufunsa dzina la siteshoni iliyonse. Patchuthi, anga ndimawakweza sitima, ngakhale tikafike mochedwa.