Babu, pulasitiki kapena utuchi: chothandiza nkhuku m'nyengo yozizira n'chiti?

Kumadera amene madzi saundana usiku, nkhuku yaikulu siopa kuzizira monga momwe timaganizira. Thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo ikaimitsa nthenga imadzifunditsa yokha. Zimene zimaipweteka ndi chinyontho ndi mphepo yoiwomba ili mtulo. Njira iliyonse ndimaiyesera pamenepo.

Babu lotenthetsa sindilifuna m'khola la nkhuku zazikulu. Fumbi ndi nthenga zimamatirira pababupo, ndipo nkhuku ikangouluka n'kuligwetsera pa udzu wouma, moto wabuka. Komanso zikazolowera kufunda, zimavutika magetsi akathima pakati pa usiku. Babu ndi la anapiye: sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35, kenako mumachepetsa pang'onopang'ono mpaka nthenga zitakwana, cha m'sabata ya 6.

Kukuta khola lonse ndi pulasitiki kumaoneka ngati chifundo, koma apa m'pamene ambiri amadwalitsira nkhuku zawo, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa amatero pofuna zabwino. Nkhuku zikamapuma, zitosi nazo zikutulutsa nthunzi, chinyontho chimasowa kotulukira. Mukatsegula m'mawa mupeza madontho akulendewera kudenga, pansi patamatana, fungo la amoniya (mpweya woipa wochokera m'zitosi) likulasa m'maso. Fungo limeneli limawononga njira zopumira, chifuwa n'kulowa mosavuta. Pulasitiki atseke mbali yochokera mphepo yokha, asafike kudenga.

Ine ndimasankha utuchi wochindikala, masentimita 10 mpaka 15, pamodzi ndi mipata yotulutsira mpweya pamwamba pa mitu ya nkhuku. Utuchi umayamwa chinyontho n'kuteteza mapazi ku simenti yozizira. Mukamwazapo mbewu pang'ono madzulo, nkhuku zimapalasa n'kuutembenuza zokha. Mtengo wogonapo ukhale wotakata, kuti zikakhala pansi nthenga za pamimba ziphimbe zala zonse.

Njira iyi ili ndi ntchito yake. Pansi pa chomwera pamanyowa msanga, ndiye pafunika kumachotsapo n'kuthira utuchi wina. Fumbatani wodzaza dzanja: ukaumbika n'kukhala chibuma, wanyowa kwambiri.

Mazira akachepa musathamangire kutenthetsa khola. Kawirikawiri chimawachepetsa ndi kufupika kwa usana, poti nkhuku imafuna kuwala kwa maola pafupifupi 14 kuti iziikira bwino, ndipo kababu wamba kowunikira m'bandakucha kamakwanira.