Mlangizi wa ntchito za maloya uja, ndamuyesa

Ndinapita kwa mlangizi wina wothandiza maloya kusankha ntchito, pajatu ndakhala zaka zinayi pa kampani imodzi ndikungolemba makontrakiti, kukhoti sindinapondeko. Maganizo anga anali oti ndingopita kumene kuli malipiro ambiri basi. Mayiwo anandifunsa funso limodzi lomwe linandizunguza mutu, akuti mukufuna kuima pamaso pa jaji kapena mukufuna kulangiza bizinesi imodzi mkati mwa kampani, poti izi ndi njira ziwiri zosiyana ndipo ukalowa mkati mwa kampani kubwerera ku milandu kumavuta ndithu.

Anatenga CV yanga n'kuidula ndi cholembera chofiira, mizere yonse ya "ndine wolimbikira ntchito" anaichotsa, akuti lembani mtundu wa milandu ndi makontrakiti amene munagwira. Anandiuzanso kuti pa intavyu ndizifunsa maola amene amayembekezera kuti ndilipiritse makasitomala pachaka, komanso ndani adzandiyang'anire, chifukwa loya wachinyamata amakula ndi amene akumuphunzitsa.

Chondinyasa n'choti nthawi inatha msanga, za ntchito zaboma ndi mabungwe othandiza anthu tinangozidutsa pamwamba, komanso imelo yanga anayankha patapita sabata yathunthu. Koma ndibwererako.